Kodi minor ili ndi phindu, kapena ndi mapanga awiri?

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana wa ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Ndaidulako pang'ono, koma mawu ndi ake.

"Aphunzitsi, ndikumaliza chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya boma. Semesita ikubwerayi tikuyenera kusankha phunziro loti timeje, ndipo ine ndasankha Sociology. Atiuza kuti amene akufuna atha kutenganso minor. Mtima wanga uli pa Statistics chifukwa masamu ndinkakhoza bwino ku sekondale. Koma anzanga akuti ndikudziputira sapu, kuli bwino nditenge phunziro lofewa lokwezera malikisi. Amalume, amene amandilipirira fizi ndi ndalama za mbatata, akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndingogwira chimodzi ndimalize msanga. Kodi minor ili ndi phindu lenileni kuno kwathu, kapena ndi kungodzisenzetsa katundu? Ndithandizeni, tulo sindikupeza."

Mwana wanga, yamba wakhazika mtima pansi. Sunachedwe, ndipo palibe chimene walakwitsa. Ambiri amasankha maphunzirowa tsiku lomaliza lolembetsa, ali pamzere, n'kungolemba chomwe walemba mnzawo wogona naye chipinda chimodzi. Iwe wafunsa nthawi ikadalipo. Ine ndagwira choko zaka zoposa 30, zambiri mwa izo kuno ku Dedza, ndipo kangapo konse ndaitanidwa kukakhala nawo pagulu lofunsa anthu ofuna ntchito. Zomwe ndikuuze pano ndazitola m'malo awiriwo. Yankho langa lalifupi ndi lakuti tenga minor, ndipo tenga Statistics yomweyo imene mtima wako ukufuna. Koma pali zoti uziwerengere bwino usanasayine fomu, ndipo amalume ako sakulankhula zopanda mutu.

Ndiyambe ndi makolo amene akuwerenga nafe, poti mawu awiriwa ana amangotiponyera akabwera ku holide, ife n'kumagwedeza mutu ngati tamva. Major ndi phunziro lalikulu la digiri. Ndi limene mwana amathera nalo nthawi yambiri m'chaka chachitatu ndi chachinayi, limene amachitira kafukufuku womalizira, ndiponso limene amadzitchulira akamafunsira ntchito. Minor ndi phunziro lachiwiri. Makosi ake ndi ochepa koma olumikizana, oyambira pansi n'kumakwera, kuti munthu atuluke akuchidziwa chinthucho mokwanira kuchigwiritsa ntchito. Kachitidweka kanakhazikika ku America. Mu 1910 mkulu wa yunivesite ya Harvard, Abbott Lawrence Lowell, ataona kuti ophunzira akungotola makosi ofewa apa ndi apo, anaika lamulo loti aliyense azame pa phunziro limodzi kwinaku akulawako ena. Kumeneko madigiri ambiri amakhala ndi ma credit pafupifupi 120, ndipo minor imatenga 15 mpaka 18, omwe ndi makosi 5 kapena 6. Kuno kwathu sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, choncho manambalawa usawatenge ngati ako. Njirayi yakhala ikupezeka makamaka m'madigiri a uphunzitsi, a sayansi ndi a zachikhalidwe cha anthu, monga aja a ku Chancellor College ku Zomba, yomwe kuyambira 2021 ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi. Wophunzira udokotala kapena unamwino ku KUHeS (yunivesite ya zaumoyo), uinjiniya ku MUBAS (Polytechnic yakale), kapena zamalamulo, kawirikawiri alibe mpata umenewu chifukwa ndandanda wake ngodzaza kale kuyambira chaka choyamba. Ndiye ngati digiri yako ikulola, uli ndi chinthu chomwe anzako ena akuchisowa.

Tsono tibwere kwa amalume. Mwambi wawo ngwoona, ndipo ine ndawaona ndi maso anga ana amene anavumbwadi. Koma taganiza za munda wa chimanga wa kwanu. Pakati pa mapando timasiya popanda kanthu? Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu timaponyamo nyemba m'mizere yomweyo. Mvula ndi yomweyo, kupalira n'komweko, ndipo chimanga chisanakhwime ife khwanya tayamba kale kuthyola, nyemba zaziwisi zili mumphika. Palibe amene amati mlimi ameneyo wagwira mapanga awiri. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti m'madigiri olola minor, chiwerengero cha makosi oti umalize chimakhala chokhazikika kale, ndipo major payokha siimaliza mipata yonse. Ukakana minor, mipatayo udzaitsekabe ndi makosi ena, imodzi ya uku, ina ya uko, zosagwirana. Choncho nthawi zambiri minor siwonjezera chaka kapena fizi. Imangochititsa kuti makosi amene ukanatenga kale aloze kumodzi. Za pasukulu yako ukazitsimikize, ndipo ndikuuza kutsogoloku koti ukafunse. Amalume akamva kuti zaka ndi zinayi zomwezo, ndalama ndi zomwezo, theka la nkhawa yawo litha. Theka linalo ulisunge iweyo, chifukwa mlimi yemweyo amadziwanso kuti nyemba zoyanga zikachuluka zimagwetsa chimanga.

Ndikuuze za ine. Ndinaphunzira uphunzitsi, major Geography, minor Masamu. Masamuwo sindinawathamangire, ndinawatenga poti digiri ya uphunzitsi imafuna kuti munthu akhale ndi maphunziro awiri oti akaphunzitse. Nditatumizidwa kusukulu yanga yoyamba, inali nyengo ya chisanu, chija cha kuno cholowa mpaka m'mafupa. Ndinalowa m'ofesi ya ahedi ndi chikwama kudzanja lina, kalata kudzanja lina. Kukhoma kunali pepala lalikulu la manila lolembedwa maphunziro onse ndi maina a aphunzitsi ake. Ahedi anawerenga kalata ija n'kupukusa mutu. "Geography? Alipo kale atatu." Kenaka chala chawo chinatsika mzere umodzi, n'kukweza maso. "Masamu mumatha?" Pa manila paja, malo a Masamu a Fomu 3 anali opanda dzina kwa miyezi. Nthawi ya phunzirolo ikakwana, ana ankangotulutsa mipando kukawothera dzuwa kuseri kwa kalasi. Lolemba lotsatira ndinalowa m'kalasi ija, ndipo kufikira tsiku lopuma ntchito ndaphunzitsa Masamu maola ochuluka kuposa Geography imene ndinaikonda. Ena mwa ana owothera dzuwa aja lero ndi anamwino ndi alangizi a zaulimi, ndipo khomo limene analowera linali giredi ya Masamu pa MSCE. Mpaka lero m'sukulu zambiri, makamaka za CDSS, mphunzitsi wa maphunziro awiri ndi amene ahedi amamukakamira, chifukwa aphunzitsi ndi ochepa koma maphunziro ndi ambiri.

Iwe sukuphunzira uphunzitsi, koma msika wa ntchito umayenda chimodzimodzi. Chaka chilichonse mayunivesite a boma ndi omwe si a boma amatulutsa achinyamata ambiri a Sociology, Development Studies, Social Work ndi ena ofanana nawo. Onse amadziwa kulankhula za umphawi, za maukwati a ana, za mphamvu za mafumu ndi za amayi pachitukuko. Kudziwa kumeneko n'kofunika, ndipo ndimakulemekeza. Koma ntchito ikatuluka imodzi, makalata amabwera mulu, onse ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Wosankha amayang'ana chimene chikusiyanitsa kalata ina ndi inzake. Apa ndi pamene Statistics ingakunyamule, chifukwa pafupifupi aliyense wolemba ntchito anthu a Sociology amafunanso manambala. National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba, imachita kalembera ndi kafukufuku wa m'mabanja. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ku Ntcheu oposa 650,000, kuno ku Dedza oposa 800,000, ndipo owerengawo ankalemba mayankho pa tabuleti. Makhonsolo ali ndi maofesi a mapulani ndi olondoloza ntchito zachitukuko. Mabungwe omwe si a boma sangalandire ndalama kwa owathandiza popanda kusonyeza ndi manambala kuti ntchito yayenda bwanji. Malo ochitira kafukufuku, monga Centre for Social Research ku Zomba komweko, amafuna anthu oti atha kucheza ndi agogo pamphasa m'mawa, madzulo n'kukhala pa kompyuta kusanthula zomwe atolera. Munthu wotha mbali ziwirizi ndi wosowa.

Ndinaziona bwino tsiku lina pa intavyu. Bungwe lina logwira ntchito za madzi ndi ukhondo m'midzi ya kuno linkafuna munthu wolondoloza ntchito zake. Anabwera achinyamata angapo, onse a digiri, onse ovala bwino, ndipo mafunso apakamwa anayankha mosadodoma. Kenaka mkulu wa bungwelo anatembenuza laputopu. Panali mizere yambirimbiri ya mabanja: dzina la mudzi, anthu pakhomo, komwe amatunga madzi, mtunda wake, ndi ana amene anatsegula m'mimba mwezi wapitawo. "Muli ndi mphindi 20. Mutiuze chimene mwaona." Ambiri anangophatikiza manambala n'kutipatsa avereji. Mtsikana wina, asanaphatikize kalikonse, anafunsa kuti bwanji banja lina lalembedwa kuti lili ndi anthu 45. Anatisonyeza mudzi umene unalowa kawiri chifukwa wina anaulemba ndi "l", wina ndi "r". Atakonza zimenezo anagawa mabanja a pamjigo ndi a kumtsinje, n'kunena kuti kusiyana kulipo, koma midzi iwiri mwa iyo ili ndi mabanja ochepa kwambiri moti sangaikire umboni pa iyo yokha. M'chipindamo munangoti zii. Major yake inali yofanana ndi ya anzake aja, koma iye anatengako makosi a Statistics. Ntchito anaitenga iyeyo. Koma ndikuuzenso ichi: mmodzi mwa amene analephera analinso ndi makosi a Statistics pa transcript yake, pepala lija losonyeza makosi onse ndi magiredi ake. Anawakhoza poloweza, mayeso atatha zonse zinauluka. Ndiye phindu la minor lili pa zomwe manja ako akutha kuchita munthu akakuikira ntchito patsogolo. Ukaitenga, usakhutire ndi kukhoza mayeso. Phunzira Excel mpaka uzolowere, gwira mapulogalamu osanthulira manambala a SPSS kapena Stata ngati sukulu ili nawo, ndipo inzake yotchedwa R ndi yaulere, utha kuyiika pa laputopu yako lero.

Phindu lina limaoneka mochedwa, pofuna digiri yachiwiri. Komiti yosankha anthu a Masters imawerenga transcript mzere ndi mzere. Ukadzafuna Public Health, monga ija ya ku KUHeS, kapena maphunziro a chiwerengero cha anthu, kapena a ndondomeko za boma, makosi a Statistics ndi amene adzasonyeze kuti sudzathawa manambala. Udzakhalanso ndi aphunzitsi a m'madipatimenti awiri okudziwa dzina ndi ntchito yako, ndipo kalata yokuikira umboni yochokera kwa munthu wokudziwadi imalemera kuposa yolembedwa mwamwambo chabe. Ngakhale kafukufuku wako wa chaka chachinayi adzasintha. Udzadziwa kuti ufunse anthu angati, uwasankhe bwanji, ndi pomwe manambala akunama.

Kwa ena amene mukuwerenga ndipo simuli pa Sociology, kaganizidwe n'komweko. Yang'anani pamene major yanu imathera mphamvu, n'kufunafuna phunziro loyambira pamenepo. Wa zaulimi amene walawako zamalonda ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama amamvetsa chifukwa chake mlimi wa ku Bembeke amakolola matumba ambiri a mbatata, phindu n'kukwera lole ya munthu wina. Wa History amene waphatikiza zokopa alendo ali ndi Chongoni pakhomo, malo 127 a zojambula zakale zapamiyala amene UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, komanso Kungoni, malo osungira chikhalidwe ndi luso ku Mua. Chilankhulo nacho ndi minor yabwino. Ife a kuno Mozambique tili nayo kutsidya kwa msewu, pa Lizulu munthu amangowoloka M1, ndipo pachipata cha Dedza ndi cha Biriwiri wodziwa Chipwitikizi sasowa chochita. Chichewa chomwechi musachipeputse. Uthenga wa zaumoyo wolembedwa m'Chichewa chopotoka umasocheretsa anthu, ndipo olemba bwino chilankhulo chathu ndi ochepa kuposa momwe timaganizira.

Nanga anzako aja akuti utenge chofewa? Ndikuwamvetsa. Giredi ya digiri ndi yofunika, ndipo palibe amene amafuna kubwerera kusukulu anzake ali pa holide kukalemba sapu, mayeso obwereza a kosi imene wagwa. Koma malangizo awo sindigwirizana nawo. Phunziro limene munthu walisankha chifukwa akuti ndi lofewa ndi limene amalinyozera, salowa m'kalasi, asayimenti amalemba usiku womaliza, ndipo nthawi zambiri ndi lomwelo limamugwetsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komanso tsiku lina wina adzakufunsa kuti unalitengeranji, ndipo yankho loti "anzanga anati n'losavuta" sungalitulutse pakamwa. Izi n'zosiyana ndi munthu amene amakondadi Drama, Music kapena Philosophy. Ameneyo atenge ndi mtima wonse. Zisudzo zophunzitsa anthu m'midzi ndi ntchito yeniyeni m'dziko muno, ndipo phunziro limene munthu amadzuka akulilakalaka limamupatsa mphamvu zopirira enawo. Iwe wanena wekha kuti mtima wako uli pa Statistics, ndiye chikondi ndi phindu zakumana malo amodzi. Si onse amene amakhala ndi mwayi wotero.

Pali zinthu zimene minor singakuchitire, ndipo ndi bwino uzidziwe lero kusiyana n'kudzakhumudwa mawa. M'sukulu zambiri satifiketi yopachika kukhoma ija imangotchula digiri. Minor imaoneka pa transcript, ndiye ndi udindo wako kuitchula pa CV ndi m'kalata yofunsira ntchito, n'kunena zomwe umatha nazo. Chachiwiri, ntchito ikalengezedwa kuti akufuna munthu amene anameja Statistics kapena Economics, makamaka m'boma momwe amatsata mawu a chilengezo monga alili, wa minor akhoza kutsala pakhomo. Uzidzafunsirabe, koma usadzadabwe. Ndipo ntchito zina zili ndi alonda ake. Makosi angapo a zamalamulo sakusandutsa loya. Makosi a akawunti sakupatsa ulemu umene amapereka mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama. Unamwino ndi udokotala zili m'manja mwa Nurses and Midwives Council ndi Medical Council of Malawi. Ndaonapo ana akudzitcha maina a ntchito zomwe anangolawako, n'kuchita manyazi pamaso pa anthu.

Tsopano zoopsa zenizeni, zija za nyemba kugwetsa chimanga. Masamu a MSCE ndi Statistics ya ku yunivesite ndi pachibale, koma si munthu mmodzi. Kumeneko ukakumana ndi probability yozama, masamu oyeza mwayi woti chinthu chichitike, ndipo makosi apamwamba amadalira calculus, masamu a mmene zinthu zimasinthira. M'kalata yako sunanene ngati m'zaka ziwirizi unatengako Masamu kapena Statistics. Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani yonse. Ngati unatenga ndipo unakhoza bwino, njira ndi yotseguka. Ngati sunatenge, makosi a chaka chachitatu sangakulandire usanadutse a pansi, ndipo a pansiwo akhoza kugundana nthawi ndi makosi a major yako, chifukwa opanga ndandanda saganizira munthu mmodzi wodutsa madipatimenti awiri. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku sekondale, wanzeru ndithu, anachita zimenezi mosafunsa. Makosi awiri ankachitika ola limodzi Lachiwiri lililonse. Anaganiza kuti azilowa uku sabata ino, uko sabata yamawa, zotsalazo azikopera kwa anzake. Kumapeto kwa semesita anagwa onse awiri, sapu inamukanika imodzi, n'kubwereza chaka. Bambo ake anagulitsa ng'ombe. Anamaliza, ndipo lero ali pantchito, koma chaka chija chinali fizi ina, lendi ina, chakudya china. Kwa amene ali pa ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, yomwe inakhazikitsidwa mu 2015, akumbukire kuti ndalama imeneyo ndi yobweza. Ndipo kugwa makosi ambiri kumafikitsa munthu powidwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu, zomwe palibe minor ingalipire. Lamulo langa kwa ana onse amene ndawalangiza ndi limodzi: major ikayamba kutsika chifukwa cha minor, minor ndiyo ichoke.

Ndiye sabata ino, usanalembetse, chita izi. Pita kwa mkulu wa dipatimenti ya Sociology, kenaka kwa wa dipatimenti imene ili ndi Statistics, utanyamula zotsatira zako za zaka ziwiri. Usatume mnzako, ndipo usadalire zomwe wamva pa gulu la WhatsApp la kalasi. Uwafunse kuti minor imafuna makosi angati ndipo ndi ati, ndi ati amene uyenera kukhala utadutsa kale, ngati onse akukwana m'zaka ziwiri zatsalazi popanda kupitirira mlingo wa makosi pa semesita, ndiponso ngati pali ndalama yowonjezera. Ufunsenso funso limene ambiri amaliiwala: ndikayamba n'kuona kuti zandikulira, ndingasiye liti, ndipo makosi amene ndadutsa adzawerengedwabe pa digiri? Kenaka upite ku ofesi ya Registrar ukamve mmene minor imalembedwera pa transcript. Chilichonse chimene akulola, chikhale cholembedwa ndi chosayinidwa, kope lina usunge wekha. Akuluakulu a madipatimenti amasintha, ndipo lonjezo lapakamwa limachoka ndi mwini wake. Ukatero ufunefune wa chaka chachinayi amene anayenda njira yomweyi, umugulire tiyi, akuuze kosi imene inamuliza ndi mmene anaidutsira. Safunsa anadya phula.

Zikapezeka kuti malamulo sakulola, kapena makosi a pansi unawaphonya, usataye mtima. Dzina loti minor likhoza kukusowa koma luso n'kulipezabe. Pa mipata imene uli nayo, sankha makosi a njira zochitira kafukufuku ndi a chiwerengero cha anthu. Kafukufuku wako womalizira umupange kukhala wa manambala, ndipo upemphe mphunzitsi wa Statistics kuti azikuunikirako. Pa holide kadzipereke ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ya Ntcheu kapena ku bungwe lililonse lochita kafukufuku m'dera lanu, ngakhale poyamba akupatse ntchito yongolowetsa mayankho mu kompyuta. Maphunziro aafupi aliponso, ena aulere pa intaneti. Koma usanapereke ndalama ya amalume kusukulu iliyonse yolonjeza dipuloma, yamba waona ngati ndi yovomerezeka ndi National Council for Higher Education kapena TEVETA. Mapepala ena ndi okongola koma olemba ntchito sawawerengera.

Mawu ako omaliza aja, akuti tulo sukupeza, sindinawadumphe. Ngati ndi nkhawa ya chisankho chokhachi, itha ukangolankhula ndi anthu ndatchulawa. Koma ikapitirira masabata angapo, chakudya osachifuna, m'kalasi osamva kanthu, kapena ukayamba kudziona ngati mtolo kwa amene akukulipirira, usakhale nazo wekha. Pita kwa Dean of Students kapena kwa mlangizi wa ophunzira, ngakhale kuchipatala cha pasukulupo. Ana ambiri ochokera m'mabanja olima amasenza mantha oti akalakwitsa kamodzi agwetsa mudzi wonse, ndipo mantha amenewo amalemera kuposa kosi iliyonse. Chimodzimodzi semesita ikayamba: mayeso oyamba a Statistics akakuvuta, pita kwa mphunzitsi sabata yomweyo. Usadikire mpaka mayeso omaliza ali pakhomo.

Amalume usawayankhe pafoni. Munthu amene amadzuka m'bandakucha m'chisanu cha ku Tsangano kukathirira mbatata kuti iwe ukhale m'kalasi ayenera kumva nkhaniyi uli pamaso pake, utakhala pansi. Upite ndi pepala lija losayinidwa, uwasonyeze kuti zaka ndi zomwezo ndipo fizi ndi yomweyo. Ukatero uwapemphe kope lawo lija amalembamo matumba, mitengo, feteleza, mankhwala ndi aganyu. Alimi ambiri a mbatata ali nalo, ngakhale likhale lothimbirira ndi dothi. Ulowetse zaka ziwiri kapena zitatu mu Excel, muwerengere limodzi kuti thumba limodzi limawadyera ndalama zingati lisanafike pamsewu, ndi miyezi iti imene mtengo wa pa Tsangano turn-off unawakomera, ndi iti imene anagulitsa mongotaya. Uwalole akukonze pomwe walakwitsa, chifukwa manambalawo amawadziwa kuposa iwe. Ukabwerako undilemberenso, unditumizire mndandanda wa makosi amene unatenga m'zaka ziwirizi ndi malikisi ake, tidzaone limodzi kuti uyambire kosi iti.